Mutu 6: Dalanda Pamutu pa Mayi Wamwala

1. Uthenga wa Sadjo

Dalanda Souaré anali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo ziwiri mwa zaka zimenezo anazitha osawaona amayi ake.

Bambo ake atamwalira, akuchimuna anagamula kuti mwana atsale kubanja la bambo. Amayi ake, a Houley, anatsiriza miyezi yamaliro, kenako m'mawa wina anamanga katundu n'kutsika mapiri athu a Guinea kulowera ku Senegal. Anati akukafuna ntchito. Chichokereni chawo, kalata ayi, foni ayi. Dalanda anatsala m'manja mwa bambo ake aang'ono, Bappa Lamarana, omwe ntchito yawo inali yoperekeza alendo kuphiri la Loura kukaona Mayi Wamwala.

Mwalawo palibe wa kuno amene saudziwa. Unatulukira m'mbali mwa phompho, nkhope ya mkazi yathunthu, mphuno, chibwano, duku kumutu, maso ali kuchigwa. Ana a m'mudzi sautembenukira n'komwe. Koma alendo amachokera ku Conakry, ku Dakar, ena kutsidya kwa nyanja, kudzakhetsa thukuta kuti aujambule.

Loweruka lina kumapeto kwa Meyi, kutatsala milungu itatu kuti alembe mayeso otsiriza a kalasi lakhumi, Dalanda ankachokera kukasupe ndowa ili pamutu. Njinga yamoto inabwera kumbuyo kwake n'kuima. Anali Sadjo, yemwe ana ankamutchula Koto, ndiye kuti achimwene, wakabaza amene ankanyamula anthu ndi matumba a mbatatesi kupita nawo ku Kédougou, tauni yoyamba ya ku Senegal.

"Mwana wasukulu! Mabuku aja sanakupinde msana?"

"Koto Sadjo, mwandithira matope."

"Amenewa ukuti matope? Ukanaona a njira yathu ija." Anazimitsa njinga, n'kuyang'ana uku ndi uku. "Amayi ako ndawaona."

Madzi anakhavukira paphewa la Dalanda.

"Musandiseweretse, Koto."

"Ndingasewere ndi mayi wa munthu ine? Ali ku Bantako, kumigodi ya golide. Akuphikira anyamata okumba aja mpunga. Aonda pang'ono, koma ndi iwo ndithu."

"Anandifunsa?"

Sadjo anayang'ana tayala la kutsogolo. "Panali mzere wa anthu, sindinayankhule nawo. Koma bwanji osakawafunsa wekha? Mawa ndikutsikanso. Thwelofu koloko ndinyamuka pamphambano ya kuseri kwa phiri. Kumbuyoku malo alipo. Koma sindidikira munthu, mitsinje yayamba kudzaza."

"Bappa sangalole."

"Wati ukawapemphe ndani?" anatero Sadjo, n'kuliza njinga yake.

2. Chenjezo la Bappa Lamarana

Kutacha, Dalanda anachotsa mabuku m'chikwama chake cha kusukulu. Anaikamo madiresi awiri, nsalu, ndi chitupa cha sukulu. Ankaganiza zonamizira kuti akupita kukawerenga kwa mnzake.

Koma atatuluka anapeza Bappa Lamarana ali pakhonde, mwendo atautambasula pampando. Bondo linali litatupa ngati dzungu. Pabwalo panali galimoto, ndi alendo awiri akumanga zingwe za nsapato.

"Alendo awa achokera ku Conakry, masiku awiri ali pamsewu," anatero Bappa. "Ine bondoli landikana. Uwaperekeze ndiwe. Njira unayamba kuyiyenda mano ako a mkaka asanagweluke."

Dalanda anavomera msanga. Kuchokera pamwamba pa mwala, kanjira ka ng'ombe kamatsikira kuseri, mpaka pamphambano pomwe Sadjo ananena.

Bappa anamukodola kuti afike pafupi.

"Tandimvera, mwana wa mkulu wanga. Mwala wa phiri lino si mwala weniweni, ndi mchenga umene unangogwirana. Ukauma umayoyoka, ukanyowa umaterera ngati sopo. Anthu a m'tauni akagwira foni m'manja amaiwala kuti ali ndi mapazi. Amabwerera chambuyo, akumwetulira, phompho lili pamsana. Usachite manyazi kuwakalipira ngakhale ali akuluakulu. Ndiye pali nkhungu. Mwezi uno imabwera osaodira. Ukamva mphepo yatembenuka, ikuchokera kuchigwa, yozizira, dziwa kuti yafika. Usayese kuthamanga nawo. Uwakhazike pansi, mudikire, ngakhale adandaule chotani."

Anamwa tiyi wa m'katambula kawo, n'kupitiriza.

"Iwe usanabadwe kunali mnyamata wina woperekeza alendo, wochenjera kuposa ine. Anasiya mlendo pamwamba paja, akuti akathamangitse ng'ombe za bambo ake zimene zinkalowa m'munda wa eni. Akuti sachedwa. Nkhungu inatsika. Mlendo uja tinamufuna masiku awiri, ndipo anatilozera ndi miimba. Mnyamatayo anachoka m'mudzi muno, sanathenso kuyang'ana munthu kumaso. Ine ndakwera phirili zaka makumi atatu. Ndakwerapo ndi malungo, ndakwerapo tsiku limene mwana wanga ankabadwa. Koma munthu amene ndakwera naye, ndimatsika naye. Wamva?"

"Ndamva, Bappa."

Maso a Bappa anagwera pachikwama. "Chatupa chotere, mayeso mukalembera pamwambapo?"

"Ndi mabuku, Bappa. Ndiziwerenga alendo akamapuma."

Bappa anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Muyende ndi Mulungu."

3. Pamwamba

Alendowo anali munthu ndi mkazi wake. Mwamuna, a Bangoura, anali wonenepa, wogwira ntchito kudoko. Mkazi, a Mahawa, anali mzamba, wamfupi, woyenda mwachangu. Dalanda ankawatchula Tonton ndi Tanti, monga ana a kuno amatchulira akuluakulu mwaulemu.

Asanafike n'komwe pakati pa njira, Tonton anali atanyowa malaya onse.

"Mwana iwe, Mayi ameneyu sangatsike kuti tidzamuonere pano?"

"Si inu munkati muli mnyamata munkathamanga makilomita khumi?" anatero Tanti Mahawa.

"Pamalo osalala, mayi! Ku Conakry phiri lalikulu ndi masitepe a kuofesi."

Anadutsa minda ya fonyo, mbewu yonga mawere, yongodzalidwa kumene, n'kulowa m'tchire la udzu waufupi. Akazi awiri otsika ndi zipanda za mkaka wowawasa anawapatsa moni, n'kuseka atamva kupuma kwa Tonton. Dalanda sanaseke. Ankangoyang'ana dzuwa.

Atakhota pathanthwe lina, nkhope ija inaonekera yonse mbali yakumanja, italenjekeka pamwamba pa phompho. Tonton anaiwala kutopa.

"Mulungu wanga! Ndi munthu ndithu! Anamusema ndani?"

"Mphepo ndi mvula, akutero aphunzitsi," anayankha Dalanda. "Koma akuluakulu amanena zina. Ena amati anali mkazi amene analakwira mwamuna wake tsiku Lachisanu, ndiye anasanduka mwala."

"Nthawi zonse wolakwa amakhala mkazi," anatero Tanti. "Mwamunayo anasanduka chiyani?"

"Amayi anga ankati si choncho. Ankati ndi mayi amene ana ake anatsikira kuchigwa kukafuna chuma. Tsiku lililonse ankabwera pano kudzayang'ana njira, mpaka anaumira pomwepo."

"Amenewo ndiye akunena zoona. Ali kunyumba amayi akowo? Ndikawapatse moni."

"Anachokapo," anatero Dalanda, n'kutsogola.

Itakwana leveni koloko anafika pamwamba, pamutu penipeni pa Mayi Wamwala. Mvula ya dzana inali itatsuka mlengalenga. Pansi pawo mapiri ankatsika motsatizana, obiriwira, kenako abuluu, mpaka dziko linangoti see, losalala, kukathera kumene maso sangafike.

"Uko ndi ku Senegal," anatero Dalanda.

Tonton anatulutsa magalasi oonera patali. Atakhutira anamupatsa Dalanda. "Tayesa. Mwina uona chibwenzi chako."

Dalanda anali atafikapo pamalopo kosawerengeka, koma magalasi otere anali asanawagwirepo. Chigwa chinalumpha n'kufika pafupi. Anaona mitengo umodziumodzi, kamtsinje konyezimira, denga la malata. Kutali kwambiri kunali utsi woonda ukukwera mowongoka. Anauyang'anitsitsa utsiwo mpaka maso anachita misozi. Pansi pa utsi wina ngati umenewo panali mphika wa mpunga, ndi mkazi woonda pang'ono atagwira chipande.

"Tonton, nthawi ili bwanji?"

"Hafu leveni yadutsa. Wathamangira kuti? Ife tikudya kaye."

Alendo anakhala pathanthwe n'kumasula buledi ndi malalanje. Dalanda anakoleka chikwama.

"Ndikupita kuseriku pang'ono, Tanti. Musayandikire m'mphepete. Njira yobwerera ndi yomwe tadzera ija, mukangotsata miyala yoikidwa mulumulu."

"Ukutiuziranji njira ngati sukubwera?" anaseka Tonton, buledi ali m'kamwa.

Dalanda anatembenuka n'kumapita.

4. Nkhungu

Atangobisika kuseri kwa thanthwe anayamba kuthamanga. Kanjira ka ng'ombe kanali kotsetsereka, miyala ikugubuduka pansi pa mapazi ake. Anatsika, natsika, mpaka anayamba kuona mtengo wa pamphambano. Pansi pake panali njinga yamoto, matumba atamangidwa kale. Hutala inalira kawiri.

Pomwepo mphepo inamuwomba kumaso. Inali yozizira, ndipo inkachokera kuchigwa.

Anaima. Kumanzere kwake, m'munsi mwa phompho, chinthu choyera chinkakwera mofulumira, chikumeza mitengo. Posakhalitsa chibwano cha Mayi Wamwala chinasowa, kenako mphuno.

Hutala inaliranso, nthawi ino motalika. Kuti afike pamtengo pankafunika mphindi zisanu zokha.

"Dalandaaa!"

Mawuwo anachokera kumwamba, ofooka ndi mtunda. Anali a Tonton.

"Dalanda! Tikutsika! Miyala yako ija ili kuti?"

Dalanda anayang'ana njinga. Sadjo anali atamuona, ankakupiza dzanja kuti afulumire. Dalanda anayenda mapazi atatu kutsika. Kenako anatembenuka, n'kuyamba kukwera.

Kukwera kunali kowawa kuposa kutsika. Nkhungu inamupeza panjira. Anagwa, bondo linasupuka, anadzuka. Sankaona ngakhale mapazi ake, koma mapaziwo njira ankaidziwa.

"Tonton! Tanti! Khalani pansi! Musasunthe!"

"Tili kuno! Njira taipeza!"

Mawuwo ankachokera kolakwika, kumanzere, kumene kulibe njira ina koma phompho.

"Ndati khalani pansi! Tonton, mukaponda phazi lina mufa! Khalani!"

Dalanda anakwawa ndi manja ndi mawondo, akuitana, iwo akuyankha, mpaka anagwira nsapato ya munthu. Onse awiri anali atakhala pathanthwe lonyowa, atagwirana. Anawauza kuti akhwekhwereze matako chambuyo, pang'onopang'ono, kutsata mawu ake. Atafika pamwala waukulu umene ankaudziwa, anawatsamiritsa pamenepo.

Tonton anatola kamwala n'kukaponya kumene ankalowera kuja. Anatchera khutu. Kamwalako sikanamveke kugwa.

M'katikati mwa bata limenelo, kumunsi kunamveka njinga yamoto ikulira. Phokosolo linakwera, linakhota, linayamba kuchepa. Dalanda analimvetsera mpaka linatheratu. Kenako anaika nkhope pachikwama n'kulira mokweza ngati mwana wamng'ono.

Tanti Mahawa anamukokera pachifuwa. Anamusisita msana mpaka kulira kunachepa. Ndipo Dalanda anafotokoza zonse, za amayi ake, za Sadjo, za madiresi a m'chikwama.

"Ndinakusiyani dala, Tanti. Sindinkabwerera."

"Koma wabwera," anatero Tonton. "Zinazo ine sindinazimve."

Tanti anamupukuta bondo ndi mpango, akuyankhula motsitsa.

"Mwana wanga, ine ndagwirapo ntchito zaka zinayi pachipatala cha kufupi ndi migodi. Atsikana a msinkhu wako ndawalandira ambiri. Onse anafika pa njinga yamoto, ndipo aliyense ankafuna munthu wake. Wina mayi, wina mchimwene, wina mwamuna amene anamulonjeza ukwati. Kumigodi anthu sakhalitsa malo amodzi. Akamva kuti golide watuluka kwina, m'mawa mwake msasa wonse wasamuka. Ukafika n'kupeza amayi ako anachoka dzulo, ugona kuti? Wanjingayo ali ndi ulendo wake, sakhala nawe. Amene adzakupatse mbale yoyamba ya mpunga adzafuna kuti umubwezere, ndipo sadzafunsa zaka zako. Sindikunena kuti usawafune amayi ako. Ine anga anamwalira ndili ndi imvi kale, koma mpaka lero ndikaphika chakudya chimene ankachikonda ndimalephera kumeza. Uwafune ndithu. Koma upite masana, akwanu akudziwa, ndi munthu amene akabwerere nawe."

"Akwathu safuna n'komwe kumva dzina lawo."

"Unawafunsapo?"

Dalanda anapukusa mutu. Pa zaka ziwiri zonsezo anali asanafunsepo.

Nkhungu inakhala maola awiri. Itayamba kung'ambika, chigwa chinaonekanso, chowala ngati poyamba. Dalanda anapempha magalasi aja. Anatsata msewu wofiira wotsika phiri, kukhota kulikonse, mpaka pamene unalowa m'mitengo. Munalibe kanthu. Anabweza magalasi, n'kunena kuti, "Tiyeni. Muziponda pamene ndapondapo."

5. Pakhonde

Anafika kunyumba dzuwa litapendeka. Bappa Lamarana anali ataimirira pachipata, atatsamira ndodo, nkhope ili kuphiri.

"Nkhungu inakupezani?"

"Inatipeza, bambo," anatero Tonton. "Mwana wanuyu amakalipa ngati msilikali. Pakanapanda iyeyu, bwenzi pano akundilira kudoko."

Alendo anamwa madzi, anatsanzika. Tanti Mahawa analemba nambala yake pakapepala n'kumufumbatitsa Dalanda. Za kuthawa kuja sanatchule.

Galimoto itapita, Dalanda anagwada pafupi ndi mpando wa Bappa. Anatsegula chikwama n'kutulutsa madiresi aja, nsalu, ndi chitupa. Anaziika pamkeka.

"Si mabuku, Bappa. Ndinanama. Alendo aja ndinawasiya pamwamba. Ndinkapita ndi Koto Sadjo kwa Nene, amayi anga, ku Bantako."

Bappa sanadzidzimuke.

"Mabuku ako azakhali ako anawapeza pansi pa bedi, inu mutangonyamuka. Ndinafuna kukutsatira. Ndinafika pachipata pokha, bondo linakana. Tsiku lonse ndaima pamenepo, ndikupempha Mulungu kuti mwa anthu atatu aja nditsale ndi mmodzi yekha womulira, iwe wothawawe, alendo abwerere amoyo." Anapukusa mutu. "Unatsika mpaka pati?"

"Mtengo wa pamphambano ndinauona."

"Chinakubweza n'chiyani?"

"Anandiitana."

Bappa anagudubuza mikanda yawo yopempherera. Pabwalo nkhuku zinkatola zotsala za fonyo.

"Kusiya alendo ndi mlandu, ndipo tidzaukamba. Sudzaperekezanso munthu chaka chino. Sadjo nayenso ndikamba ndi bambo ake. Koma mlandu wina ndi wanga. Ndinkaona ukuonda, ndinkaona ukukhala pachipata madzulo, ndimvekere mwana aiwala. Ndinkaganiza kuti tikapanda kutchula dzina la amayi ako, bala lipola msanga. Ndinalakwa. Amene Sadjo anamuona sindikumudziwa. Amayi ako ku Bantako anachokako chaka chatha."

Dalanda anadzutsa mutu. "Mukudziwa bwanji?"

"Chifukwa mwezi uliwonse amandiimbira."

"Bappa!"

"Anandilumbiritsa kuti ndisakuuze mpaka utalemba mayeso. Anati ukangomva mawu awo, sukhala, uwatsatira. Ine ndinavomera chifukwa ndinkaona ngati n'zanzeru. Lero ndaona kumene nzeru zathuzo zikanakufikitsa. Lumbiro limeneli ndiliphwanya, Mulungu andikhululukire."

"Ali kuti? N'chifukwa chiyani sabwera?"

"Zimenezo akuuze okha. Zina n'zolemera, si za pakamwa panga. Ndigwire dzanja."

Dalanda anawadzutsa. Anayenda pang'onopang'ono mpaka kuseri kwa khola, pachulu pamene anthu a pakhomopo amaimapo akafuna kuti foni igwire. Bappa anatulutsa foni yawo yakale yomangidwa ndi mphira. Anasaka dzina, anadina, n'kuiika m'manja mwa Dalanda.

Inaitana kamodzi. Kawiri. Dalanda anaigwira ndi manja onse awiri. Kachitatu. Kachinayi.

Kenako kunamveka phokoso la malo a anthu ambiri, wina akutsokomola chapatali, ndi mawu a mkazi, otopa, othamanga ndi mantha.

"Lamarana? Bwanji mwaimba lero, si tsiku lake? Dalanda watani? Mwana wanga watani?"

Dalanda anayang'ana Bappa. Bappa anamugwira paphewa.

"Nene," anatero Dalanda. "Ndine."